Asanatumize Uthengawo: Kuphunzitsa Mwana wa Sekondale Kufufuza Nkhani

Mwana akafika Fomu 1, nkhani zambiri za m'dziko sazimvanso kwa inu. Amazimva pa foni, kaya ndi yake, ya mkulu wake kapena ya mnzake wokhala naye desiki imodzi. Sukulu zambiri zimaletsa mafoni, komabe uthenga umene wafika usiku pa WhatsApp umakhala utazungulira kalasi yonse belu la buleki lisanalire. Mauthenga ena ndi oona, ena ndi akalekale ongowaukitsa, ena ndi bodza lophikidwa dala kuti wina adyepo. Mwana wa zaka 14 sangazisiyanitse yekha ngati palibe anamuonetsapo. Ntchito yomuonetsayo musaisiyire aphunzitsi okha. Iwo ali ndi silabasi yoti amalize mayeso asanafike, ndipo ana m'kalasi ndi ochuluka. Mpata weniweni uli kunyumba.

Musaitenge ngati nkhani yocheza. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka m'Blantyre. Anthu ankagona panja, misewu inatchingidwa ndi miyala ndi zipika, alendo osalakwa anamenyedwa, ena anaphedwa kumene. Bungwe la United Nations linafika pochotsa antchito ake ena m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Umboni wa munthu wopopa magazi sunapezeke. Nthawi imeneyo mafoni a intaneti anali ochepa kusiyana ndi lero. Mphekesera imene kale inkayenda ndi miyendo kuchokera kuchitsime kupita kuchigayo, masiku ano imafika m'maboma onse munthu asanamalize kudya nsima. Ndipo nthawi zambiri amene amaitumiza ndi mwana wabwinobwino, woganiza kuti akuchenjeza anzake.

Chimene mukufuna kumuzoloweza ndi chimodzi: kuima kaye n'kufunsa asanakhulupirire, makamaka asanatumize. Zonse zimene ndilongosole pano ndi njira zongomufikitsa pa chizolowezi chimenechi.

Zofunika kukonza

Gulani kope limodzi ndi bolopeni, zikhale za ntchito imeneyi yokha. Wailesi muli nayo kale, ngakhale ya pa foni yamabatani ikwanira. Nyuzipepala zakale pemphani kwa aneba ogwira ntchito mu ofesi, chifukwa pophunzira ya sabata yatha imagwira ntchito mofanana ndi ya lero. Ngati thumba lalola, gulani imodzi yakumapeto a sabata kamodzi pa mwezi. Mu Weekend Nation mumakhala Tamvani, gawo la Chichewa, limene ngakhale agogo atha kuwerengeredwa. Amene muli pafupi ndi laibulale ya National Library Service, mtumeni mwana akawerenge konko.

Ndalama imene ipite sabata ndi sabata ndi ya bandulo ya tsiku limodzi basi. Koma apa chenjerani: bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha siitsegula masamba ena a pa intaneti. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene bodza limayendera bwino kwathu kuno. Uthenga umafika pa mtengo wotsika, koma kuti munthu akaufufuze afunika bandulo ina. Choncho tsiku lophunziralo gulani bandulo yotsegula zonse, ingakhale yaing'ono.

Nthawi yake ndi theka la ola, kawiri pa sabata, kwa teremu imodzi. Sankhani madzulo mutadya, osati mwana atangofika kuchokera kusukulu ali ndi njala, ndiponso osati sabata ya mayeso. Wa sukulu yogonera komweko mudikireni tchuthi, ndipo masiku a tchuthiwo muzichita pafupipafupi.

Yambani ndi kumvetsera

Masiku oyamba musaphunzitse chilichonse. Mufunseni chabe: "Kodi anzako akukamba zotani sabata ino? Wamva chiyani pa foni?" Akakuuzani, ngakhale zikhale zopanda mutu, musaseke ndipo musakalipe. Apa ndi pamene makolo ambiri amaphonya. Mwana akangotchula za pa TikTok, bambo amayamba ulaliki wa kuipa kwa mafoni, mwina n'kulanda foniyo. Kuyambira tsiku limenelo mwana amatseka pakamwa, nkhanizo n'kumakazimva mobisa, opanda womuthandiza. Inu mukufuna kuti azibwera nazo kwa inu.

Muuzeni alembe m'kope muja nkhani zitatu zimene wamva sabata imeneyo, iliyonse patsamba lake. Pansi pake alembe kumene waimva ndi tsiku. Masamba amenewa mudzawabwerera.

Mafunso atatu

Simugula thumba la feteleza kwa venda osalowetsamo dzanja kuona ngati sanathiremo mchenga. Nkhani nayonso ilowetseni dzanja, ndipo kulowetsa kwake ndi mafunso atatu. Wanena ndani? Iyeyo wadziwa bwanji? Zachitika liti? Mwana awalembe pachikuto cha kope mpaka awaloweze.

Funso loyamba limaoneka lophweka koma ndi pomwe ana amapunthwa. Mukafunsa kuti wanena ndani, ayankha kuti "Chisomo wa m'kalasi mwathu." Muonetseni modekha kuti Chisomo wangotumiza. Amene tikumufuna ndi woyambitsa. Tsegulani WhatsApp limodzi, muone pamwamba pa uthengawo. Pakakhala kamuvi ndi mawu akuti "Forwarded", ndiye kuti wotumizayo sanalembe yekha. Pakakhala timivi tiwiri ndi mawu akuti "Forwarded many times", uthengawo wadutsa m'manja ambiri, ndipo mwini wake sadziwikanso. Zimenezi sizitanthauza kuti ndi bodza ayi, koma kuti palibe amene mungamugwire dzanja n'kumufunsa.

Funso lachiwiri ndi limene ndimalikonda kwambiri, chifukwa limagwetsa mabodza ambiri popanda kuwononga ndi tambala yomwe. Tengani voice note ija imayamba ndi mawu akuti "Abale anga, mlamu wanga amagwira ntchito kuchipatala china chake, wandiuza kuti..." Imvereni limodzi kawiri. Kachiwiriko mwana agwire bolopeni, alembe dzina la wolankhula, dzina la chipatala, boma lake, tsiku, ndi dzina la dokotala. Adzapeza kuti tsamba lakhala loyera. Kucheza kwake kutha kuyenda chonchi:

"Amayi, komatu akulankhula molira. Sangamaname."

"Mwina sakunama mwanawe, mwina nayenso wanamizidwa. Iyeyo anaona ndi maso ake?"

"Ayi, akuti anauzidwa ndi mlamu wake."

"Nanga mlamuyo tingamupeze kuti?"

Mukafika apa musamuyankhire. Msiyeni aone yekha kuti njira yathera pomwepo.

Funso lachitatu ndi la nkhani zoukitsidwa. Chenjezo la mvula yamkuntho la chaka chatha, chithunzi cha ngozi ya basi ya zaka zapitazo, chilengezo chakale chotseka sukulu, zonsezi zimabwereranso ngati zatsopano. Uthenga wongoti "mawa" kapena "usiku wathawu" popanda tsiku, mwezi ndi chaka, mwana auike pambali mpaka tsiku lake lipezeke.

Onjezani chizindikiro ichi: uthenga ukamakukakamizani kuti "tumizani kwa anthu onse msanga asanaufufute", kapena ukakuchititsani mantha ndi ukali nthawi yomweyo, mpamene muyenera kudekha kwambiri. Olemba mabodza amadziwa kuti munthu wamantha safunsa. Pangani lamulo la pakhomo panu: uthenga wotentha mtima ugone usiku umodzi usanatumizidwe. Ngati ukukhudza moyo wa munthu moti sungadikire, imbani foni kwa amene akudziwa, monga mlangizi wa zaumoyo, apolisi a m'dera lanu kapena amfumu.

Wailesi ziwiri, nkhani imodzi

Ntchito iyi ndi yaulere. Madzulo mverani nkhani pa MBC, kenako pa Zodiak kapena Times. Mwana agawe tsamba pakati, alembe nkhani imene wailesi iliyonse yayambira, amene yawapatsa mpata wolankhula, ndi zimene ina yatchula koma inzake yasiya. Mukatero kwa sabata ziwiri, adzayamba kuona yekha kuti nkhani imodzi itha kukambidwa mosiyana popanda wina kunama.

Mufotokozereni mwini wa wailesi iliyonse. MBC ndi ya boma, inayamba mu 1964. Zodiak ndi ya eni ake, inayamba mu 2005. Times ndi ya kampani imene imasindikizanso The Daily Times ndi Malawi News. Radio Maria ndi ya mpingo wa Katolika, Radio Islam ndi ya Asilamu, ndipo Dzimwe ku Mangochi kapena Mudzi Wathu ku Mchinji ndi za m'madera. Kudziwa mwini kumathandiza mwana kumvetsa chifukwa chake nkhani ina yaikidwa patsogolo, ina kumapeto. Koma samalani kuti musalowetsepo chipani chanu. Mukamuuza kuti wailesi yakutiyakuti ndi yabodza chifukwa siigwirizana ndi amene munawavotera, mwamuphunzitsa kusankha mbali, ndipo kufufuza kwathera pomwepo.

Mukatenga nyuzipepala, muonetseni kuti muli zinthu zitatu zosiyana. Muli nkhani, imene ili ndi dzina la mtolankhani ndipo imatchula amene afunsidwa. Muli ndemanga, pamene mkonzi kapena wolemba wina akunena maganizo ake. Muli malonda, amene wina walipira kuti asindikizidwe. Adule ndi lumo chitsanzo cha chilichonse n'kumata m'kope. Pa Facebook zitatuzi zimabwera zitasakanikirana, zonse zooneka mofanana, ndiye mwana amene wazigwira papepala savutika kuzizindikira pa foni. Muwerengetseninso nkhani yonse, osati mutu wokha. Mitu yambiri ya pa intaneti imalembedwa kuti munthu adine, ndipo zam'kati zimakhala zozizira kuposa mutuwo.

Muuzeninso kuti atolankhani nawo amalakwitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti nyuzipepala ili ndi ofesi, mkonzi ndi dzina loti aliteteze. Ikalakwa imatha kusindikiza kupepesa, ndipo wodandaula atha kupita ku Media Council of Malawi kapena kukhoti. Tsamba la pa Facebook lopanda dzina la mwini likanama, limangofufuta n'kupitiriza.

Zithunzi ndi makalata

Apa khalani nthawi, chifukwa ana amakhulupirira chithunzi kuposa mawu. Tengani chithunzi chimene chikuzungulira, tinene cha madzi osefukira chimene akuti ndi ku Nsanje. Chikulitseni ndi zala ziwiri. Funsani mwana ayang'ane zikwangwani za masitolo: zalembedwa m'chinenero chanji? Chipwitikizi chikuonetsa Mozambique kapena dziko lina lolankhula chinenerocho, Chifalansa chikuonetsa kutali. Galimoto zikuyenda mbali iti ya msewu? Kwathu kuno timayenda kumanzere. Manambala a galimoto ndi a kuno? Yunifomu ya apolisi ndi yathu? Nanga nyengo? Chithunzi chimene akuti chajambulidwa mu Okutobala koma chimanga chili chobiriwira m'minda yonse ya kumtunda, chili ndi mlandu woyankha.

Tsiku la bandulo lija, gwiritsani Google Lens, imene ndi yaulere pa mafoni ambiri a Android. Mumaikamo chithunzicho, iyo n'kukuonetsani malo ena pa intaneti pamene chinatulukapo. Mukapeza kuti chinasindikizidwa kale zaka zitatu zapitazo m'dziko lina, nkhani yatha. Msiyeni mwana adine yekha, inu muzingoyang'ana. Ana amachedwa kuiwala tsiku limene anagwira bodza ndi manja awo. Palinso mabungwe amene ntchito yawo ndi kufufuza zoterezi, monga Africa Check, imene inayamba ku Johannesburg mu 2012, ndi AFP Fact Check. Amalemba m'Chingerezi, zomwe kwa mwana wa sekondale ndi phindu lowonjezera.

Masiku ano makompyuta a AI amatha kupanga chithunzi, kanema, ngakhale mawu a munthu wodziwika akunena zimene sananene. Ena amalangiza kuwerenga zala kapena kuona ngati milomo ikugwirizana ndi mawu. Zimathandiza nthawi zina, koma makinawa akunka nachenjera, choncho musadalire maso okha. Njira yokhalitsa ndi yomwe ija: ngati nduna kapena bishopu wanenadi zazikulu chotere, wailesi ndi nyuzipepala zodziwika zikhala nazo tsiku lomwelo. Zikakhala chete zonse, dikirani.

Makalata onamizira boma ndiwo afala kwambiri. Wina amatenga chizindikiro cha boma kapena cha kampani, n'kulemba kuti pali ntchito, ngongole, maphunziro aulere kunja, kapena kuti mayina atsopano a Mtukula Pakhomo akulembedwa. Yalani kalata yotere pa sikirini muione mzere ndi mzere. Tsiku lilipo? Wasaina ndani, ndipo udindo wake ndi weniweni? Chingerezi chake chili ndi zolakwika zimene mwana wa Fomu 2 angazione? Adiresi ya imelo ndi ya Gmail pamene kalata ikuti yachokera ku unduna? Ndiye funso lomaliza, limene limamaliza zonse: kodi akupempha kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu, kapena kuti mudine linki n'kulemba nambala yanu yachinsinsi? Akatero ndi akuba. Mwana adziwe kuti nambala yachinsinsi siperekedwa kwa aliyense, ngakhale woimba atanena kuti ali ku likulu la kampani ya mafoni.

Likasa, kutanthauza mapepala a mayeso obedwa, litchuleni mosabisa, chifukwa ndi nyambo imene imakola ana a Fomu 2 ndi Fomu 4. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa mapepala atabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa, analembanso mu Januwale 2021. Nyengo ya mayeso ikafika, pamabuka anthu ogulitsa mapepala pa WhatsApp. Akakhala abodza mwana wataya ndalama ndi nthawi yowerenga, akakhala enieni wapalamula mlandu. Za mayeso, kaya ndi tsiku lolemba kapena kutuluka kwa zotsatira, azimve kwa MANEB, ku unduna wa zamaphunziro kapena kwa mphunzitsi wamkulu.

Nkhani ikadali yaiwisi

Pali nthawi zina pamene ngakhale atolankhani sadziwa zonse. Pa 10 Juni 2024 ndege imene inanyamula wachiwiri kwa pulezidenti, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inasowa, ndipo inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa. Usiku wapakatiwo mafoni anadzaza ndi mauthenga otsutsana, pamene mabanja a anthuwo anali kudikira ndi mitima yosweka. Mwana wamkulu atha kukumbukira usiku umenewo. Kambiranani naye za kulemera kwa kutumiza chinthu chosatsimikizika pamene ena ali pa chisoni, ndi za zithunzi za maliro ndi ngozi zimene siziyenera kutumizidwa ngakhale zili zoona.

Chisankho nacho ndi chimodzimodzi. Lamulo limapatsa bungwe la MEC masiku 8 kuti lilengeze zotsatira za pulezidenti. Mu 2025 tinavota pa 16 Seputembala, zotsatira n'kulengezedwa pa 24. Masiku apakatiwo manambala amayenda ambirimbiri, aliyense ndi ake. Mwana aphunzire kufunsa kuti nambalayi yachokera pa malo angati ovotera, ndipo walengeza ndani. Aphunzirenso kunena mawu amene akuluakulu ambiri amawalephera: "Sizinadziwike, tidikire."

Musamupange wokana zonse

Ichi ndi cholakwika chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Mukalimbikira za mabodza okhaokha, mwana amatha kugwera mbali inayo n'kumati zonse ndi zabodza, boma limanama, madokotala amanama, atolankhani onse ndi ogulidwa. Ameneyu ali pangozi yofanana ndi wokhulupirira zonse. Mu Malichi 2023 a nthambi yoona zanyengo anachenjeza za namondwe wa Freddy asanafike. Chenjezolo linali loona, ndipo matope otsika m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, anthu mazanamazana n'kufa m'chigawo chakumwera. Mu Meyi 2021 boma linawotcha katemera wa Covid-19 woposa 19,000 amene anatha mphamvu, mbali ina chifukwa anafika atatsala ndi masiku ochepa, mbali ina chifukwa anthu ankaopa kubayitsa atamva mphekesera.

Choncho pa bodza lililonse limene mwagwira, pezaninso nkhani imodzi imene mwaifufuza n'kupeza kuti ndi yoona, ndipo mwana alembe m'kope chimene chamutsimikizira. Kumapeto kwa kope akhale ndi tsamba la kumene angafunse: za nyengo kwa a zanyengo ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, za matenda kuchipatala kapena ku unduna wa zaumoyo, za mbewu ndi feteleza kwa alangizi, za mtengo wa ndalama ku Reserve Bank of Malawi. Amenewanso atha kufunsidwa mafunso atatu aja, koma ali ndi dzina ndi khomo loti munthu akagogode.

Pamene wotumiza ndi wamkulu

Posachedwa mwana adzagwira bodza limene latumizidwa ndi amalume ake, azakhali, mkulu wa mpingo, kapena inu amene. Konzekerani. Akakuuzani kuti "Ababa, uthenga mwatumiza uja ndi wa chaka chatha," musamuyankhe kuti ndi wamwano. Muthokozeni pamaso pa abale ake, muufufute akuona. Mukakwiya tsiku limenelo, zonse za m'kope zija zapita pachabe, chifukwa adzaona kuti mafunsowo ndi a ana okha.

Koma muphunzitseninso ulemu wake. Asadzudzule wamkulu pagulu la banja pamene onse akuwerenga. Alembe kumbali, kapena abwere kwa inu kuti mulankhule ndinu. Mawu ake akhale ngati awa: "Amalume, pepani, uthenga uja ndinayesa kuufufuza. Zikuoneka kuti chithunzicho ndi cha dziko lina. Ndakutumizirani pomwe ndachipeza kuti muone." Wamkulu wopatsidwa ulemu wotere savuta kubweza mawu.

Za lamulo muuzeni zoona zake, osamuopseza. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba kapena kutumiza pa WhatsApp ndi Facebook. Bungwe la atolankhani la MISA Malawi ladandaulapo kuti lamuloli limagwiritsidwanso ntchito potseka anthu pakamwa, ndipo dandaulolo ndi lomveka. Mwana ali ndi ufulu wolankhula ndi wofunsa atsogoleri ake. Chimene ayenera kupewa ndi kunamizira munthu, kumuopseza ndi kumuchititsa manyazi. Kumbukiraninso kuti chiphaso cha unzika chimaperekedwa kuyambira zaka 16, ndiye simukhadi ya mwana wocheperapo kawirikawiri inalembetsedwa m'dzina lanu.

Kukafika nazo kusukulu

Zikayamba kuyenda kunyumba, kazitchuleni pa msonkhano wa PTA. Musapite ndi pempho loti aonjezere phunziro latsopano, chifukwa zimenezo si za mphunzitsi wamkulu kusintha. Pemphani kalabu, ya ola limodzi pa sabata ana akaweruka, monga zimakhalira kalabu za mtsutso ndi za zachilengedwe. Mphunzitsi wa Chichewa, Chingerezi kapena Social Studies ndi amene angaitenge mosavuta, popeza kuwerenga momvetsa ndi kulemba lipoti zili kale m'ntchito yake. Mafoni safunika kulowa m'kalasi. Mphunzitsi atha kukopera uthenga wa sabata imeneyo pa bolodi, ana n'kuufunsa mafunso m'magulu. Ndalama yake ndi ya nyuzipepala imodzi pa sabata, mapepala akuluakulu ndi zomatira, zomwe thumba la PTA lingakwanitse ngakhale pa CDSS ya kumudzi.

Ntchito imene imaphunzitsa kuposa zonse ndi yoti anawo alembe nkhani okha. Mjigo wa pasukulu wawonongeka: apite awiriawiri akafunse mlonda, wa komiti ya mjigo, mphunzitsi wamkulu ndi amayi amene amatunga pamenepo. Adzabwera ndi mayankho osagwirizana, wina akuti unawonongeka Lolemba, wina akuti sabata yatha, wina akuloza ana, wina akuloza komiti. Pamenepo adzamva m'thupi kuvuta kwa kupeza choona, ndi chifukwa chake mtolankhani wabwino safunsa munthu mmodzi. Nkhaniyo ikalembedwa, amene atchulidwa aione kaye ngati mawu awo alembedwa molondola, kenako imatidwe pa bolodi la zidziwitso. Ngati pafupi pali wailesi ya m'dera, pemphani mtolankhani mmodzi adzacheze ndi ana kamodzi pa teremu. Mwina mungafunike kumubwezera ya thiransipoti.

Uzani aphunzitsi asankhe zitsanzo mosamala. Mphekesera yokhudza mwana wa pasukulu pomwepo, mphunzitsi kapena banja la m'mudzi isalowe m'kalabu, chifukwa kuikambirana ndi kuifalitsanso.

Akakhala kuti watumiza kale

Teremu ikamatha, bwererani ku masamba oyamba a kope aja. Mwana alembe pansi pa nkhani iliyonse mmene inathera: inali yoona, yabodza, kapena mpaka pano sizikudziwika. Musayembekezere kuti asiyiratu kupusitsidwa, pakuti ngakhale akuluakulu ophunzira amakodwa. Tsiku lina adzatumiza chinthu n'kuzindikira mochedwa kuti ndi bodza. Musamulande foni. Muuzeni abwerere ku gulu lomwelo kumene anatumiza, afufute uthengawo ngati nthawi yofufutira kwa onse sinathe, ndipo alembe mawu achidule: "Uthenga ndinatumiza uja si woona, chonde musautumize kwina." Kufufuta kokha sikukwanira, chifukwa ena anauwerenga kale. Ngati anatumiza m'magulu atatu, akonze m'magulu onse atatu, ndipo amene anamutumizira iyeyo amuuzenso kumbali. Ngati uthengawo unatchula munthu wa m'dera lanu ndi dzina, mupite naye limodzi kwa munthuyo akapepese pamaso, ndipo ngati ndalama zinatumizidwa kwa akuba, imbirani kampani ya foniyo tsiku lomwelo n'kukanena kupolisi mutatenga nambala ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama zinapita.